Maso Opeza Kaodzera M'dontho la Magazi

Ku Tembwe, m'boma la Chama, munthu akatentha thupi aliyense amaganiza za malungo, ndipo kawirikawiri salakwa. Amamubaya chala, kachipangizo koyezera malungo kamaonetsa mizere iwiri pasanathe mphindi 20, amalandira mankhwala n'kubwerera kumunda wake wa mpunga. Koma dera limeneli lili m'chigwa cha Luangwa, kumene midzi yagundana ndi tchire la nyama, ndipo m'mitengo ya tsanya muli kashembe. Pakati pa anthu ambirimbiri otentha thupi, nthawi ndi nthawi pamapezeka mmodzi amene mankhwala a malungo sakumugwira. Mutu sukuleka, thupi likunka liphwa, mtima ukuthamanga ngakhale kutentha kutatsika. Ameneyo akhoza kukhala ndi kaodzera.

Kaodzera wa kumadzulo ndi pakati pa Africa ali ndi kachipangizo kake kofufuzira mwachangu. Wa kuno, woyambitsidwa ndi kachilombo ka Trypanosoma brucei rhodesiense, alibe. Kuti dzina la matendawa lilembedwe pa khadi la wodwala, pafunika munthu amene wakaona kachilomboko ndi maso ake pa maikulosikopu. Wodwala wa ku Tembwe akatumizidwa ku chipatala chachikulu ku Chama, moyo wake umakhala m'manja mwa anthu awiri: wa mulabotale woyang'ana magazi, ndi sing'anga wodziwa kulowetsa singano pamsana. Ine ndimati wophunzira zaudokotala amene akufuna kumvetsa mmene thupi limagwirira ntchito akakhale pambali pa anthu awiriwa, chifukwa chilichonse chimene dzanja lawo limachita chili ndi chifukwa chake m'kati mwa thupi.

Wa mulabotale waluso amayamba ndi magazi aawisi. Kadontho ka kuchala amakaika pa galasi loyera, n'kuphimba ndi kagalasi kopyapyala, osathira utoto uliwonse. Kenaka amachepetsa kuwala kwa maikulosikopu, chinthu chimene woyamba kumene sachiganizira. Kachilombo kamoyo kalibe mtundu, ndipo kuwala kukachuluka kamazimiririka. Sathamangira kufuna kachilomboko. Amayang'ana maselo ofiira, amene amakhala atagona phee mazanamazana, n'kumayendetsa galasi pang'onopang'ono kufikira atapeza malo amene maselo akugwedezeka, kukankhana, kubwerera. Mlenje wa m'chigwachi amaona udzu ukuyenda asanaone nyama, ndipo pano n'chimodzimodzi. Akapenyetsetsa pamalo ogwedezekawo ndi pamene amaona kanthu kowonda, kotalika kawiri kapena katatu kuposa selo lofiira, kakudzipotokola pakati pa maselo, kakukokedwa ndi kamchira kamene kamayenda m'mbali mwa thupi lake n'kutulukira kutsogolo.

Amachita izi mwachangu, ndipo salola galasi kudikira pa tebulo. Chifukwa chake ndi shuga. Kachilomboka kakakhala m'magazi a munthu kamapeza mphamvu zake zonse pophwanya shuga wa m'magazimo, ndipo kamamudya mosasunga. M'thupi shuga amabwera wina nthawi zonse. Pansi pa kagalasi sabweranso, ndiye kachilombo kamafooka, kamasiya kuyenda, ndipo kakangosiya kuyenda n'kovuta kukapeza. Wa mulabotale sangakufotokozereni mwina mayina a ma enzyme onse a njira imeneyi, koma amadziwa bwino nthawi imene ali nayo.

Galasi lachiwiri ndi la dontho lochindikala, lomwe lija la malungo. Amalizunguliza ndi ngodya ya galasi lina mpaka litafika poti zilembo za nyuzipepala n'kuonekera pansi pake movutikira. Likachindikala kupitirira apo limakanganuka posambitsa, likapyapyala magazi ake amachepa. Amaliumitsa pamthunzi, atalitchinga kuti ntchentche ndi nyerere zisadye magaziwo, ndipo salithira methanol, kuti madzi a utoto wa Giemsa aphulitse maselo ofiira n'kusiya zimene zinabisala pakati pake. Pa galasi limeneli kachilombo kamaoneka kobiriwira motuwa, kali ndi madontho awiri ofiirira: lalikulu pakati, ndi laling'ono chakumbuyo lotchedwa kinetoplast. Maso osazolowera amatha kutenga madontho awiriwo ngati zinyalala za utoto. Maso ozolowera amaona kutalikirana kwake n'kufufuza thupi lopindika limene likuwalumikiza.

Apa pali chinthu chimene chimandidetsa nkhawa. Kale, pamene munthu aliyense wotentha thupi ankamuyeza malungo pa galasi, kaodzera ankapezeka mwangozi: wofuna tizilombo ta malungo ankakumana ndi mlendo. Kachipangizo ka mizere iwiri kapulumutsa anthu osawerengeka ndipo sindikukanyoza, koma kamayankha funso limodzi lokha limene kafunsidwa. Ndiponso m'chigwa muno munthu akhoza kukhala ndi malungo ndi kaodzera pamodzi, mizere iwiri n'kuoneka, onse n'kukhutira, wodwala n'kubwerera kwawo ndi matenda amene amapha m'miyezi yochepa, nthawi zina m'masabata.

Chizindikiro chenicheni cha mmisiri pa ntchitoyi chimaoneka galasi likatuluka lopanda kanthu. Wosadziwa amalemba kuti palibe n'kuitana wotsatira. Wodziwa amauza sing'anga kuti, "Mubwere nawonso mawa, ndi mkuja yemwe." Chifukwa cha mawu amenewa chinaoneka koyamba m'magazi a munthu amene analumidwa m'chigwa chomwechino. Mu 1910 mzungu wina amene anatenga matendawa ku Luangwa anali atagonekedwa ku Liverpool. J. W. W. Stephens ndi H. B. Fantham anapenda tizilombo ta m'magazi ake n'kuona kuti n'tosiyana ndi ta kumadzulo, ndipo anatitcha rhodesiense. Pa wodwala yemweyo, Ronald Ross ndi David Thomson ankawerenga tizilombo tsiku ndi tsiku, n'kupeza kuti chiwerengero chake chimakwera, kugwa mpaka kutsala pang'ono kusowa, n'kukweranso, pafupifupi sabata iliyonse.

Panapita zaka zoposa 60 kuti chifukwa chake chidziwike bwino. Mu 1975 George Cross anaonetsa kuti thupi lonse la kachilomboka ndi lokutidwa ndi puloteni ya mtundu umodzi, yothithikana kwambiri, imene imatchedwa VSG. Chitetezo cha m'thupi chimazindikira chovala chimenechi, chimapanga ma antibody ochigwira, ndipo tizilombo timafa tambirimbiri. Pamenepo ndi pamene galasi limatuluka loyera. Koma kachilomboka kali ndi majini oposa 1,000 a zovala zosiyanasiyana, kamavala chimodzi pa nthawi, ndipo pakati pa khamulo pamakhala towerengeka tomwe tasintha kale. Timeneto timapulumuka, timaswana, ndipo pakapita masiku magazi adzazanso, thupi latenthanso. N'chifukwa chake katemera wa matendawa palibe mpaka lero. N'chifukwa chakenso wodwala amatha magazi ndi kutupa anabere: chitetezo chake chikugwira ntchito usana ndi usiku, chikupanga ma antibody a IgM ochuluka zedi amene ambiri saphanso kanthu, ndipo maselo ofiira omwe akuwonongekera momwemo. Wa mulabotale amaona zotsatira zake pa galasi, maselo atamamatirana m'magulumagulu, ndipo zimenezi zokha zimamupangitsa kukhala nthawi yotalikirapo pa maikulosikopu.

Pamene pali makina opukusa magazi, ali ndi njira inanso yosavuta koma yanzeru, imene Patrick Woo anafotokoza cha mu 1970. Magazi amawalowetsa m'kachubu kowonda, kutseka mbali imodzi ndi dongo, n'kupukusa mphindi zisanu. Maselo ofiira, popeza ndi olemera, amapita pansi. Pamwamba pake pamakhala kamzere koyera ka maselo oyera. Pamwamba penipeni madzi achikasu. Tizilombo, popeza n'topepukirapo, timaunjikana pamalire a kamzere koyera ndi madziwo. Amene akudziwa zimenezi safufuza chubu chonse. Amagoneka kachubuko pa galasi, n'kulunjika maso pamalire pomwepo, n'kumakatembenuza pang'onopang'ono.

Chimene maikulosikopu singathe ndi kusiyanitsa kachilombo ka munthu ndi m'bale wake Trypanosoma brucei brucei, amene amadwalitsa ng'ombe ndi kupha agalu koma munthu samukhudza. Maonekedwe ake ndi amodzi. Kusiyana kuli m'magazi athu. Tili ndi puloteni yotchedwa APOL1, yoyenda ndi mafuta a HDL, imene kachilombo kakaimeza imaboola ziwalo zake za m'kati mpaka kuphulika. Ka rhodesiense kali ndi puloteni ina, SRA, imene imagwira APOL1 isanachite kanthu. Jini imodzi imeneyi ndiyo inasandutsa kachilombo ka nyama kukhala wakupha anthu. (Ophunzira za impso adzakumananso ndi dzina la APOL1: mitundu ina ya jini imeneyi, yofala mwa anthu ochokera ku Africa, imateteza ku kachilomboka koma imawonjezera ngozi ya matenda a impso.) Ndipo pokhala kachilombo ka nyama, nkhokwe yake ili kutchire. Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, akugwira ntchito ku Nawalia m'chigwa cha Luangwa mu 1911 ndi 1912, anaonetsa kuti kashembe wa mtundu wa Glossina morsitans ndiye amafalitsa matendawa, ndiponso kuti tizilomboti timapezeka m'nyama zakutchire. Mungachiritse wodwala aliyense m'boma la Chama, koma mbawala ya m'nkhalango idzakhala ikadali nato. Choncho sing'anga wabwino safunsa za kutentha thupi kokha. Amafunsa kumene munthu wayenda masabata apitawa, ngati anapita kukawedza ku Luangwa, kukafula uchi, kukadula mitengo, kapena kulondera nyama, n'kumuvula malaya kufunafuna chotupa cholimba, chopanda mafinya, pamalo pamene kashembe analuma. Pa khungu lakuda chotupachi chimabisala, ndipo chala chimachipeza msanga kuposa diso.

Kachilombo kakapezeka m'magazi, funso lotsatira ndi lakuti kafika ku ubongo kapena ayi. Apa ndi pamene ntchito imachoka m'manja mwa wa mulabotale kupita kwa wotenga madzi a pamsana, ndipo pa ntchito zonse za m'chipatala zochitidwa ndi singano imodzi, iyi ndi imene ndimaichitira ulemu koposa.

Imayamba ndi kukambirana. M'midzi yathu yambiri, ku Zambia ngakhale ku Malawi, anthu amakhulupirira kuti munthu akamutenga madzi a pamsana sachira. Chikhulupirirochi sichinangochokera m'mutu: singanoyi kawirikawiri imalowa mwa anthu odwala kale kwambiri, ndipo ena mwa iwo amamwalira ndithu. Sing'anga wanzeru sakalipira abale. Amakhala nawo pansi, amawaonetsa kuchepa kwa madzi amene atenge, amafotokoza kuti munthu wamkulu ali ndi madziwa okwana pafupifupi mamililita 150, ndipo thupi limapanga pafupifupi 500 tsiku lililonse, kotero kuti otengedwawo amabwerera pasanathe ola limodzi. Akavomera, amatembenukira kwa wodwala: "Bambo, gonani cham'mbali. Mawondo afike pachifuwa, chibwano chitsike. Mumva kuzizira kwa mankhwala otsukira, kenaka kubaya. Musadzidzimuke, ndikuuzani chilichonse ndisanachite."

Kupinda msanako kumatsegula mipata pakati pa mafupa. Sing'anga amaika manja ake onse awiri pamwamba pa mafupa a m'chiuno, n'kulumikiza nsonga ziwirizo ndi mzere wa m'maganizo. Mzerewo umadutsa pafupi ndi fupa lachinayi la m'chiuno, L4. Chala chachikulu chimafufuza kadzenje pamwamba kapena pansi pake. Amasankha pamenepa chifukwa mtsempha waukulu wa msana mwa munthu wamkulu umathera m'mwamba, cha pa L1 kapena L2. Kumunsi kwake kumangotsala timitsempha toyandama m'madzi, tomwe singano ikafika timapatuka. Amaonetsetsa kuti mapewa ndi chiuno zaima chilili, chifukwa wodwala akapendekeka pang'ono singano imasochera n'kukagunda fupa. Kenaka amailowetsa, ataipendeketsa pang'ono kuloza ku mchombo.

Kuchokera apa maso sathandizanso, zala ndizo zimaona. Khungu limakana pang'ono n'kulola. Mafuta a pansi pake ndi ofewa. Minyewa yolumikiza nsonga za mafupa imagwira singano molimba, ndipo kugwirako ndi uthenga wabwino, kukusonyeza kuti ali pakati penipeni. Kenaka kulimba kumawonjezeka pa ligamentum flavum, n'kutha mwadzidzidzi. Pang'ono pokha kutsogolo, chikopa cha dura chimabooka. Amasolola kawaya ka m'kati mwa singano n'kudikira. Sakoka ndi sirinji. Dontho limatuluka lokha, loyera mbee, lina n'kutsatira. Zigawo zimene wophunzira amaloweza pa chithunzi cha m'buku, munthu uyu amaziwerenga ndi nsonga za zala ziwiri pa mtunda wosakwana kutalika kwa chala.

Pa kaodzera pali chenjezo lina limene limasonyeza kuganiza mozama. Magazi a wodwala wa rhodesiense amatha kudzaza tizilombo, ndipo singano ikaboola kamtsempha ka magazi panjira, ikhoza kutilowetsa m'madzi amene munalibe. Wodwala angaoneke ngati matenda afika ku ubongo asanafike, kapena singanoyo ingawafikitseko. Ndiye mwambo wa ntchitoyi wakhala wopereka kaye suramin kuti magazi ayere, kenaka n'kubaya pamsana.

Madziwo amathamangira nawo ku labotale, chifukwa tizilombo timafa msanga m'menemo kuposa m'magazi. Wa mulabotale amadzaza kagalasi kowerengera, kokhala ndi timizere tojambulidwa, kawirikawiri ka Fuchs-Rosenthal, n'kuwerenga maselo oyera limodzilimodzi asanapukuse madziwo kufuna tizilombo. Malire ake ndi 5 pa microlitre imodzi. Kupitirira apo, kapena kachilombo kakaoneka ngakhale kamodzi, matenda alowa mu ubongo. Ganizirani munthu amene wawerenga 6. Amabwerezanso, amasiyanitsa selo loyera ndi lofiira limene lalowa ndi singano, chifukwa kwa zaka zambiri nambala imeneyi ndiyo inkasankha mankhwala, ndipo kusankhako kunali kwa moyo ndi imfa.

Ubongo uli ndi mpanda wake. Maselo a m'mitsempha yake ya magazi ndi omatana kwambiri kotero kuti zinthu zambiri za m'magazi sizidutsa. Tizilombo timayamba ndi malo amene mpandawu ndi wofooka, monga choroid plexus, kumene madzi aja amapangidwira, ndipo pambuyo pake timalowa mu ubongo weniweniwo pamodzi ndi maselo oyera amene kutupa kwawatsegulira njira. Zizindikiro zimene abale amafotokoza zimachokera pamenepa. Wodwala sikuti amagona maola ochuluka kuposa kale. Chimene chasokonekera ndi dongosolo la tulo, limene limayendetsedwa ndi kagulu ka maselo mu hypothalamus. Amagona masana nsima ili m'manja, usiku n'kukhala maso. Ena amasintha khalidwe, kukwiya, kulankhula zosamveka, mpaka abale kuyamba kuganiza za misala kapena ufiti, n'kutaya masabata kwa asing'anga a zitsamba.

Suramin, amene wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira cha mu 1920, sadutsa mpanda umenewu. Amagwira ntchito m'magazi mokha, ndipo amavutitsa impso, n'chifukwa chake mkodzo umayezedwa jakisoni aliyense asanaperekedwe. Wodutsa mpandawo anali melarsoprol, mankhwala a arsenic amene Ernst Friedheim anabweretsa mu 1949. Amawotcha mtsempha polowa, ndipo mwa odwala 100 alionse, pakati pa 5 ndi 10 amatupa ubongo chifukwa cha mankhwalawo, pafupifupi theka la amenewa n'kumwalira. Kupereka melarsoprol kwa munthu amene sakufunikira kunali kumuika pangozi yaikulu pachabe. Kum'mana amene akufunikira kunali kumusiya afe. Pakati pa zolakwa ziwirizi panaima munthu mmodzi ndi kagalasi kake ka timizere.

Zinthu zasintha, ndipo kusinthako kunachokera kutsidya kwa malire, pafupi ndithu. Nkhalango ya Vwaza Marsh ku Malawi inagundana ndi boma la Chama, ndipo chipatala cha boma cha Rumphi chimalandira odwala kaodzera ochokera m'mbali mwake. Kumeneko, pamodzi ndi chipatala cha Lwala ku Uganda, bungwe la DNDi ndi anzake anayesa mapiritsi a fexinidazole pa odwala 45 a rhodesiense. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linavomereza zotsatira zake, ndipo mu 2024 bungwe la WHO linawaika patsogolo pa mankhwala a matendawa, kaya afika ku ubongo kaya sanafike. Amamwedwa masiku 10, kamodzi patsiku, munthu atadya chakudya chokwanira, popeza popanda chakudya salowa bwino m'magazi. Kwa odwala ambiri, singano ya pamsana sikufunikanso posankha mankhwala, ndipo palibe amene anaonapo mtsempha wopsa ndi melarsoprol amene angadandaule.

Koma mapiritsiwa saperekedwa kwa mwana wosakwana zaka 6 kapena wosafika makilogalamu 20, ndipo wodwala amene wafika atakomoka, wosatha kudya kapena kumeza, amafunikabe mankhwala akale. Mwana wa zaka zinayi wochokera ku Tembwe adzafunikabe munthu wodziwa kuti mwa mwana mtsempha wa msana umatha kutsikirapo, wosankha mpata wa m'munsi, wowerenga maselo mosaphonya. Ndipo ntchito yosowa imaiwalika msanga: wophunzira akhoza kumaliza maphunziro ake ku Lusaka kapena ku Ndola asanaonepo kachilomboka kali kamoyo. Wa mulabotale woganiza za mawa amasunga magalasi a odwala akale m'kabokosi, kutali ndi chinyezi ndi dzuwa, n'kumawatulutsa kwa wachinyamata aliyense wobwera kudzaphunzira, atawasakaniza ndi a malungo osamuuza kuti la kaodzera ndi liti. Fexinidazole nayenso saperekedwa pongoganizira. Malangizo amafuna kuti kachilomboko kaoneke kaye, ndipo m'nyengo ya mvula, misewu ya m'chigwa ikadulidwa ndi mitsinje, woyenera kukaona ndi amene ali pafupi ndi wodwalayo.